Njira zabwino zoyendetsamo kwadi kumpoto kwa Zambia: malangizo kwa ochokera ku Lusaka

Njinga zamoto za mawilo anayi zija, zimene ambiri timangoti kwadi, zayamba kuchuluka mu Lusaka muno. Ena anagulira ntchito ya pafamu ku Chisamba kapena ku Chongwe, ena anangoikonda, ndipo Loweruka lililonse amazungulira nayo pamalo amodzimodzi mpaka kutopa napo. Akatopa, funso limakhala limodzi: kodi njira zenizeni zili kuti? Ine ndimawalozera kumpoto, kuyambira cha ku Serenje kulowera ku Muchinga, Northern ndi Luapula. Kumeneko mvula imagwa yambiri kuposa kuno, mitsinje ikuluikulu siphwa, ndipo njira zambiri za fumbi zopatuka pa tala zimakathera pa mathithi, pa nyanja kapena pa phiri.

Musananyamule kanthu, dziwani kuti simukupita ku bwalo la masewera. Musayembekezere njira zolambulidwira makwadi, zokhala ndi zikwangwani zokuuzani kokhotera. Mukayenda mmene amayenda amayi ochokera kotunga madzi, ana a sukulu, ndi abambo okankha njinga yosenza matumba a makala. Ulendo umakoma mukaukonza motere: kwadi ikwere tirela pa tala, mukhazikike pamalo amodzi, ndipo tsiku lililonse muziyenda mtunda wochepa n'kubwerera dzuwa likadalipo.

Choyamba, sankhani mwezi

Kuyambira November mpaka April kwadi isiyeni kunyumba. Madambo amadzaza, timilatho ta mitengo timakokoloka, ndipo kamtsinje kamene munawoloka m'mawa kamakhala kosawolokeka masana. Anthu ambiri amakopeka ndi mileme ya ku Kasanka, imene imasonkhana mamiliyoni kuyambira kumapeto kwa October mpaka December. Imeneyo mukaione pa galimoto, si ulendo wa kwadi.

Mu May mathithi amakhala odzaza bwino, koma udzu umakhala wautali ndipo m'madambo mukadali chinyezi. June ndi July ndiyo miyezi imene ndimaikonda: nthaka yauma, madzi pa mathithi akadali ambiri. Kuvuta kwake ndi kuzizira, makamaka ku Serenje ndi ku Mbala, kumene mphepo ya m'mawa imaumitsa zala pa chiwongolero. August ndi September njira zimaoneka patali chifukwa tchire lapsa, koma fumbi limachuluka, ndiponso moto wolusa umakhala pafupi. October ndi wotentha kwa munthu ndi injini yomwe.

Chachiwiri, kwadi ikwere tirela

Kuchokera mu Lusaka kufika ku Serenje ndi makilomita pafupifupi 400, ku Mpika pafupifupi 640, ku Kasama pafupifupi 850. Kwadi siinapangidwire mtunda wotero, komanso siinapangidwire tala. Makwadi ambiri mawilo ake akumbuyo amazungulira pa liwiro limodzi. Pa fumbi wilo lamkati limaterereka pang'ono pokhota ndipo zonse zimayenda bwino, koma pa tala matayala amagwira kwambiri, kwadi imakana kukhota, ikakakamizidwa imadzuka mbali imodzi n'kugubuduzika. Onjezanipo malole a mafuta ndi a mkuwa opita ku Nakonde amene amadzaza Great North Road usana ndi usiku, muona kuti nkhaniyi siyofunika kukambirana.

Ikwezeni pa tirela kapena kumbuyo kwa vaneti, muikoke buleki ya pamanja, mutseke mpopi wa petulo ngati ilinawo, ndipo muimange ndi malamba anayi, ngodya iliyonse lake, omangirira pa chitsulo cha thupi lake osati pa mapulasitiki. Mukafika pa tologeti ya Katuba imani pambali mukokenso malambawo, chifukwa amakhwefuka m'makilomita oyambirira.

Mapepala akhale m'chikwama chimodzi chofikirika: laisensi, white book ya galimoto ndi ya tirela, inshuwalansi, ndi pepala losonyeza kuti kwadiyo ndi yanu. Marodibuloko alipo angapo m'njiramo, ndipo wapolisi akaona kwadi pa tirela amafunsa mwini wake. Tirela ikhale ndi chilembo T, chofiira kumbuyo, choyera kutsogolo, magetsi ake akuyaka, ndipo m'galimoto mukhale zikwangwani ziwiri za makona atatu. Kumbukiraninso kuti msewu wa boma, ngakhale ukhale wa fumbi, ndi msewu wa boma ndithu. Pitani ku RTSA, bungwe loona za magalimoto ndi chitetezo cha pamsewu, musananyamuke, akuuzeni zimene kwadi yanuyo ikufunika kuti iziyenda m'misewu yotero.

Nyamukani m'bandakucha kuti mudutse Kabwe ndi Kapiri Mposhi misewu isanadzaze. Usiku musayende. Kupitirira Serenje kuli zigawo za maenje, ndipo lole yofa yosiyidwa pamsewu ndi nthambi zokha ngati chizindikiro simuiona msanga mukukoka tirela.

Chachitatu, konzani kwadi mukadali mu Lusaka

Zipangizo za njinga zamoto wamba mukazipeza ku Mpika kapena ku Kasama. Za kwadi musadalire. Thirani oyilo watsopano, onani mabuleki ndi batire, ndipo ngati ili ya tcheni muikunge n'kuipaka mafuta. Ngati ili ya lamba, gulani lamba wapadera, ndipo muphunzire kumusintha muli pakhomo panu, osati kukayambira m'tchire. Nyamulaninso pulagi, mafyuzi, fyuluta ya mpweya yachiwiri, zobayira tayala lopanda chubu likabooka, pampu ya pamanja, chingwe chokokera, nkhwangwa yaing'ono ndi chozimitsira moto.

Za mpweya wa m'matayala ndiyenera kuchedwapo, chifukwa apa ndi pamene ambiri amalakwira. Matayala a kwadi amafuna mpweya wochepa kwambiri, nthawi zambiri cha m'ma 5 psi, pamene a galimoto amadya 30 kapena kupitirira. Nambala yeniyeni yalembedwa pa kapepala komatidwa pa kwadiyo. Geji ya galimoto siwerenga bwino mpweya wochepa chotero, choncho gulani geji yakeyake. Pa filing'i siteshoni musapereke tayala la kwadi kwa wopopa n'kutembenuka, adzalipopa ngati la galimoto. Tayala lolimba limadumphadumpha pa miyala, ndipo tayala limodzi likasiyana mpweya ndi linzake kwadi imakokera mbali imodzi tsiku lonse.

Dziwaninso mtunda umene thanki yanu imayenda. Idzazeni, yendani pafamu kapena m'mapiri a ku Shantumbu, muone. Kumpotoko muziwerengera motere: gawo limodzi la magawo atatu a petulo lopitira, lina lobwerera, lachitatu losakhudza. Petulo gulani pa mapampu m'matauni monga Serenje, Mpika, Kasama, Mbala ndi Mansa, mudzaze ndi zigubu zomwe. Wa m'mabotolo wa m'mbali mwa msewu ndi wa pangozi pokha.

Pathupi panu: helemeti yomanga pachibwano, magalasi otchinga fumbi, magolovesi, nsapato zofika pamwamba pa akakolo, thalauza lalitali. Kwadi ya mpando umodzi ndi ya munthu mmodzi, ndipo mwana wosakwana zaka 16 asayendetse ya akuluakulu. Musaiwale neti ndi mankhwala othamangitsa udzudzu. Malungo ku Luapula ndi ku Northern si nkhambakamwa.

Chachinayi, sankhani kokakhazikika

*Serenje ndi Kanona, kwa oyamba kumene.* Apa ndi pafupi, mumafika tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe. Pa Kanona, kupitirira Serenje, pali njira ya makilomita pafupifupi 14 yopita ku mathithi a Kundalila, pamene mtsinje wa Kaombe umagwa mamita pafupifupi 70 m'mphepete mwa mapiri a Muchinga. Ndi njira yaifupi, yabwino kuyeserapo ngati kwadi yafika bwino. Kwadi mumaisiya pamwamba, kunsi kwa mathithi mumatsika wapansi. Chakumpoto pang'ono kuli njira yopatukira ku phanga la Nsalu, kumene kuli zojambula zakale pa thanthwe.

Njira yaitali ya dera limeneli ili mbali ina. Tengani msewu wopita ku Samfya, mupitirire geti la Kasanka, kenako mupatukire kudzanja lamanja kulowera kwa Mfumu Chitambo. Kumeneko kuli chipilala cha David Livingstone, amene anamwalirira m'deralo mu 1873. Mtima wake unakwiriridwa pansi pa mtengo wa mpundu, thupi lake antchito ake Susi, Chuma ndi anzawo analinyamula mpaka kunyanja ya mchere. Njira za kuno ndi zathyathyathya, za mchenga apa ndi apo, zodutsa m'midzi yambiri, ndipo zimapitirira ku kanyanja ka Waka Waka ndi ku Chiundaponde. Kupitirira apo mwayandikira madambo a Bangweulu, kwawo kwa nyama ndi mbalame zotetezedwa, amene bungwe la African Parks lakhala likuthandiza kuyang'anira kuyambira 2008. Mukafika pa geti, mawu a oyang'anira ndiwo omaliza.

*Mpika ndi Shiwa Ng'andu, kwa ofuna kuyenda mofatsa.* Makilomita pafupifupi 90 kumpoto kwa Mpika, msewu wa fumbi umapatuka kumanzere kulowera ku Shiwa Ng'andu, kumene Stewart Gore-Browne anamanga chinyumba chake cha njerwa, n'kupitirira makilomita ena pafupifupi 20 kukafika ku akasupe otentha a Kapishya m'mbali mwa mtsinje wa Mansha. Msewuwo umakatulukira pa tala ya Mpika kupita ku Kasama. Ndi dera la mitengo, timapiri ndi timitsinje, ndipo palibe chokoma ngati kulowa m'madzi ofunda thupi litaphwanyika ndi mabampu. Koma malo ambiri kuno ali ndi eni ake, muli ziweto ndi nyama zosungidwa. Imbani foni musanapite, mufunse ngati amalola makwadi ndi njira zimene mungadutse. Musambe mu kasupe. Mu Mansha muli ng'ona.

Ku Mutinondo, kumwera kwa Mpika, kuli mapiri a nsangalabwi okongola zedi, koma anthu amapitirako bata ndi kuyenda wapansi. Ine kumeneko phokoso la injini sindingapite nalo.

Ena adzakuuzani za njira zotsika mapiri a Muchinga kulowa m'chigwa cha Luangwa, monga ya ku geti la Mano la North Luangwa kapena yotchedwa 05 yotulukira ku South Luangwa. Izo ndi za magalimoto amphamvu oyendera mawilo onse anayi, m'chilimwe mokha. Zimalowa m'mapaki muli njovu, njati ndi mikango, ndipo pa kwadi mulibe chitseko chotseka. Paki iliyonse, ngakhale Lavushi Manda kapena Nsumbu, musalowemo ndi kwadi popanda chilolezo cha a DNPW, oyang'anira mapaki ndi nyama zakutchire, amene ambiri timawatchulabe kuti a ZAWA.

*Kawambwa ndi mtsinje wa Kalungwishi.* Mukandifunsa malo amodzi okha, ndi awa. Ndi kutali, masiku awiri pamsewu: kudzera ku Serenje, kuwoloka Luapula pa mlatho wautali wa Tuta, kugona ku Samfya kapena ku Mansa, kenako kutsata chigwa cha Luapula kudzera ku Mwense mpaka ku Mbereshi, n'kukwera phiri kulowera ku Kawambwa. Musanafike m'tauni, mathithi a Ntumbachushi pa mtsinje wa Ng'ona ali pafupi ndi msewu, ndipo ndi malo abwino ogona usiku woyamba m'derali.

Chimene mwabwerera chili kum'mawa kwa Kawambwa, pa msewu wopita ku Mporokoso. Pafupi ndi mlatho wa Chimpempe pali njira ya makilomita pafupifupi 10 yolowa m'nkhalango kukafika ku mathithi a Lumangwe. Kalungwishi yense amagwa pa thanthwe limodzi lotalika mamita oposa 30, m'lifupi mwake oposa 100, ndipo nthunzi yake imasunga kankhalango kobiriwira chaka chonse. Makilomita 5 kapena 6 kunsi kwake kuli Kabwelume, kumene madzi amatsika m'masitepe mozungulira. Kanjira kolumikiza mathithi awiriwa ndiko kamene ndimati kanabadwira kwadi: kopapatiza, ka mizu ndi timaenje, kamthunzi, kosafuna liwiro. Mangani tenti pa Lumangwe, galimoto ikhale pomwepo, m'mawa muzipita ku Kabwelume, masana muziyendera njira za m'midzi yozungulira. Chakunsi kwambiri kuli mathithi ena, a Kundabwika, koma ulendo umenewo ngwa tsiku lathunthu, wofuna petulo wokwanira ndi munthu wa konko wokutsogolerani.

Mathithi amenewa, pamodzi ndi Kundalila, Chishimba ndi Kalambo, ali m'manja mwa National Heritage Conservation Commission. Pa geti pamakhala wolipiritsa. Tengani ndalama za m'manja zing'onozing'ono, landirani lisiti, ndipo kwadi muiimike pamene wakuuzani. Kwa eni dera malo amenewa ndi olemekezeka, ali ndi miyambo yake, choncho si pochitira phokoso kapena kuzunguza matayala kuti mujambule vidiyo ya pa Facebook. Ngati mwapita kumapeto kwa July, mwambo wa Mutomboko wa Mwata Kazembe umachitikira ku Mwansabombwe, pafupi pomwepo. Malo ogona amadzaza ndipo msewu umachuluka magalimoto, konzekerani zimenezo.

*Mbala ndi Kalambo, kwa ozolowera miyala.* Kuchokera ku Kasama ndi makilomita pafupifupi 165. Podutsa ku Kasama patukirani ku Chishimba pa mtsinje wa Luombe, makilomita opitirira pang'ono 30 kuchokera m'tauni. Kumeneko galimoto imafika bwinobwino, kwadi musavutike kuitsitsa. Itsitseni ku Mbala. Njira ya ku Kalambo ndi ya makilomita opitirira pang'ono 30, ndipo chakumapeto kwake imatsetsereka kulowera kuchigwa. Madzi amagwa kamodzi kokha mamita oposa 220, ndipo mtsinjewo ndiwo malire a Zambia ndi Tanzania, choncho tsidya linalo musawolokere mwachisawawa. Pamalo pomwepa akatswiri ofukula zakale anapeza mitengo yosemedwa n'kulumikizidwa ndi anthu zaka pafupifupi 476,000 zapitazo, ndipo analengeza zimenezi mu 2023. Poganizira zimenezo, m'mbali mwa mtsinje musakumbemo ndi matayala.

Tsiku lopuma, lowani mu Moto Moto Museum mu Mbala momwemo, kapena tsikirani pa galimoto ku Mpulungu, makilomita pafupifupi 40, mukadye nsomba za m'nyanja ya Tanganyika ndi kuona makoma a tchalitchi cha miyala cha Niamkolo cha m'zaka za m'ma 1890.

Chachisanu, mukafika funsani

Safunsa anadya phula. Mapu a pafoni amasonyeza njira zimene zinamera mitengo kalekale, ndipo sadziwa kuti mlatho unagwa mvula yathayi. Wodziwa ndi wa njinga yamoto yonyamula anthu, wogula chinangwa kapena nsomba m'midzi, ndi mlonda wa pa mathithi. Funsani anthu awiri kapena atatu, ndipo funso likhale lolunjika: kodi sabata ino padutsa galimoto kapena njinga yamoto? Mukangofunsa kuti "njira ili bwino?" aliyense adzati ili bwino, chifukwa iye amaiyenda wapansi.

Mukafuna kuchoka pa msewu waukulu kulowa m'njira za m'mudzi, kaonekereni kwa mfumu ya mudziwo. Zimitsani injini chapatali, vulani helemeti, yandikirani wapansi. Kuno ndi kwa anthu olankhula Chibemba ndi zilankhulo zoyandikana nacho, choncho "mwapoleni mukwai" ndi "natotela" zikutsegulirani makomo. Ngati ndinu wa kum'mawa, akangomva Chinyanja chanu chimbuya chiyamba pomwepo: akufunsani ngati mwanyamula mbewa za kamba wa panjira. Musakwiye, abwezereni za anyani awo, museke, kenako mufunse zimene mwabwerera. Afunseni kumene kuli manda, minda ndi malo oletsedwa. Ngati pali mnyamata wodziwa njira amene ali ndi njinga yamoto yake, gwirizanani mtengo atsogole.

Musayende nokha. Makwadi akhale awiri kapena kuposa, ndipo wotsala pa kampu adziwe njira imene mwatenga ndi nthawi yobwerera. Netiweki imatha mukangochoka pa tala. Kukhala ndi masimu a makampani awiri kumathandiza, koma si chodalira. Dziwiranitu chipatala chapafupi: Chitambo kupitirira Serenje, Chilonga pafupi ndi Mpika, Mbereshi kumbali ya Kawambwa, ndi zipatala zazikulu za Kasama, Mansa ndi Mbala.

Chachisanu ndi chimodzi, kayendetsedwe kake m'njiramo

Kwadi imayendetsedwa ndi thupi lonse. Pokhota, thupi lipendekere mkati mwa kona. Pokwera chitunda, ikani giya yamphamvu musanayambe, sendererani kutsogolo, ngati n'kotheka imirirani pa zopondera, ndipo kwerani molunjika. Injini ikalephera pakati, gwirani mabuleki onse, kokani ya pamanja, tsikirani mbali ya kumtunda. Musailole kubwerera chambuyo muli pompo, chifukwa mukaponda buleki yakumbuyo ikubwerera imadzuka kutsogolo n'kukugwerani. Potsika, monga pa mtsetse wa ku Kalambo, khalani chakumbuyo, giya yotsika, mabuleki pang'onopang'ono. Kudula phiri chopingasa ndiko kumagubuduza makwadi ambiri. Pezani njira ina ngakhale ikhale yozungulira. Phazi lisachoke pa chopondera kuti mudzichirikize pansi monga pa njinga ya mawilo awiri, wilo lakumbuyo lidzaliponda.

Pa mchenga musasiye moto mwadzidzidzi, pitirirani ndi liwiro lofanana. Pa mtsinje tsikani, yendanimo ndi ndodo muone kuya kwake ndi pansi pake, mutafunsa kaye ngati muli ng'ona. Madzi opitirira zopondera ndi ambiri kwa makwadi ochuluka. Akalowa m'bokosi la lamba, injini imalira koma kwadi siyenda; tsegulani kotulutsira madzi pansi pa bokosilo, mudikire liume. Injini ikazimira m'madzi musailize, madzi akalowa m'kati mwake mudzaiphwanya. Ikokereni kumtunda, chotsani pulagi ndi fyuluta kaye. Mukawoloka bwino, gwirani mabuleki kangapo kuti aume.

Timilatho ta mitengo anthu anamangira njinga ndi oyenda pansi. Kwadi yaikulu pamodzi ndi inu ndi katundu imapitirira makilogalamu 350. Kaoneni pansi pake, ndipo mukathyola mtengo musathawe, kambiranani ndi eni mudzi muukonze.

Dambo limanyenga. Pamwamba pamaoneka pouma, pansi pali matope akuda omeza mawilo onse anayi. Komanso m'madambo ndi mmene muli madimba ndi zitsime za anthu, ndipo mikwasa ya matayala imasanduka ngalande mvula ikabwera. Tsatani pamene padutsa ena. M'tchire namonso musadule njira: kumpoto anthu ambiri amalima chitemene, kudula nthambi ndi mitengo n'kuziwotcha kuti phulusa likhale manyowa, choncho mu udzu mumabisala zitsa zofika m'maondo. Chitsa chimodzi chikwanira kupinda chitsulo cha chiwongolero ndi kukuponyani kutsogolo.

Udzu wouma uli ndi vuto linanso. Umakodwa pansi pa injini ndi mozungulira ekizozi, n'kuyamba kufuka. Nthawi iliyonse mukaima, suzumirani pansi muuchotse, ndipo musaimike kwadi yotentha pa udzu wautali. Moto wa mu September ukayaka sumva kupepesa, umakafika ku nkhokwe za anthu.

M'mudzi yendani liwiro la munthu wothamanga pang'ono. Ana amathamangira phokoso, ndipo amatulukira kuseri kwa nyumba mosayembekezeka. M'mbali mwa msewu amayi amayanika chinangwa pa mphasa. Fumbi lanu likagwerapo mwawononga ufa wa banja. Mukakumana ndi wa njinga yolemedwa, imani ndinu, iye sangathe kupatuka pa mchenga. Mukagunda nkhuku kapena mbuzi, imani mulipire. Ana adzapempha kukwera. Kanani mwaulemu, ngakhale makolo awo atavomera.

Pakati pa kwadi ndi inzake siyani mpata woti fumbi likhazikike. Wotsogola akafika pa mphambano adikire mpaka aone wa pambuyo pake.

Chachisanu ndi chiwiri, madzulo pa kampu

Tsukani kapena sinthani fyuluta ya mpweya tsiku lililonse la fumbi. Yotsekeka imadyetsa petulo, yobooka imalowetsa mchenga mu injini. Onani oyilo: akaoneka ngati tiyi wamkaka, mwalowa madzi, musayendenso musanamusinthe. Chotsani udzu ndi matope pa rediyeta, gwedezani wilo lililonse, mangani mabawuti amene akhwefuka, yezaninso mpweya m'mawa matayala akadali ozizira. Kwadi musatsukire mu mtsinje, anthu akumwa madzi omwewo chakunsi. Tungani mu ndowa mukatsukire patali. Oyilo wakutha ndi zinyalala zibwerere nanu ku tauni.

Pokonza ulendo wa mawa, werengerani makilomita 15 mpaka 20 pa ola m'njira za m'midzi, osati liwiro limene kwadi imatha pa msewu wosalala. Mu June ndi July mdima umagwa cha m'ma 6 koloko, ndipo nyali za kwadi sizionetsa dzenje patali. Ikakwana 3 koloko masana, tembenukani pamene mwafikapo, kaya mathithi mwawaona kaya ayi, kuti tayala likabooka pobwerera mukhale ndi nthawi yolikonza kukuwala.